Chindapusa cha pamsewu ndi inshuwalansi ya galimoto yanu: zimakumana pati?

Mwana wa mlongo wanga amagwira ntchito ku Leeds, ku England. Tsiku lina Lamlungu anandiimbira pa WhatsApp, mawu ake ali ozizira. "Amalume, kamera yandijambula ndikuthamanga. Ndalipira mapaundi 100, koma chikundiwawa si chimenecho. Andilembera mapointi 3 pa laisensi, ndiye inshuwalansi yanga ikwera." Kenako anafunsa kuti, "Nanga inu kumeneko, ndi mmene a trafiki amakuimitsirani pa M1, yanu siinafike kumwamba?"

Ndinamuuza kuti ayi. Ndatha zaka 14 ndikunyamula kachewere, kabichi ndi tomato kuchokera ku Bembeke ndi ku Lizulu kupita ku Lilongwe. Malisiti a chindapusa ndili nawo odzaza envulopu, koma palibe chaka chimene ejenti wa inshuwalansi anandiuza kuti mtengo wakwera chifukwa cha lisiti. Nditadula foni ndinakhala kaye chete, chifukwa ndinadziwa kuti ndamuuza theka chabe. Mu envulopu imeneyo muli lisiti limodzi limene linandidyera ndalama zambiri kuposa ena onse kuphatikiza, ngakhale kuti mtengo wa inshuwalansi silinaukhudze.

Kumene kuli mnyamatayo nkhawa yake ndi yomveka. Ku Britain ukagwidwa ukuthamanga, chindapusa chimayambira pa mapaundi 100 ndipo amakulembera mapointi 3. Akakwana 12 m'zaka 3, khothi litha kukuletsa kuyendetsa galimoto. Mapointi a liwirowo amakhala pa mbiri yako zaka 4, ndipo makampani ambiri asanakuuze mtengo amafunsa za milandu ya zaka 5 zapitazo. Ku America nakonso kampani imatha kukaona mbiri ya dalaivala ku boma la dera lake. Kuimika galimoto polakwika kawirikawiri sawerengera, koma liwiro ndi kudutsa maloboti atafiira amawerengera, poganiza kuti wogwidwagwidwa ndi amene adzachite ngozi. Mukamawerenga pa intaneti kuti kugwidwa kamodzi kokha kumakweza inshuwalansi, dziwani kuti akunena za mayiko amenewo.

Kuno kwathu zimene ndaona zikusuntha mtengo ndi zina. Choyamba ndi mtundu wa inshuwalansi imene mwagula. Lamulo la pamsewu, Road Traffic Act la 1997, limakakamiza galimoto iliyonse yoyenda pamsewu kukhala ndi third party. Imeneyi imalipira anthu ena amene mwawavulaza, ndi katundu wawo monga mmene pepala lanu lanenera, koma galimoto yanu mukonza nokha. Comprehensive ndiye imakonzanso yanu, ndipo mtengo wake amawerengera potengera mtengo wa galimotoyo. Kenako amaona ntchito imene galimoto imagwira, kaya ndi yongoyendera, yonyamula katundu kapena yonyamula anthu, amaona msinkhu wa woyendetsa, ndiponso ngati munapemphapo kuti akulipireni m'zaka zapitazi. Lisiti la lamba mulibemo m'masamu amenewa.

Ndiye zimakumana pati? Zimakumana pa tsiku la ngozi.

Chinali chaka cha 2018, mwezi wa February, mvula ili pakati. Mnyamata amene ankandiyendetsera lole yanga ya matani 2 anabwera madzulo ndi lisiti. Anamuimitsa pa rodibuloko ina pakati pa Dedza ndi Lilongwe, ndipo wapolisi atagwada pa tayala lakumbuyo anamulipiritsa chifukwa matayala awiri anali atatha. "Bwana, akuti tisinthe," anatero. Ine ndinamubwezera ndalama yake, lisitilo n'kulipinda n'kuliika kuseri kwa chotchinga dzuwa. Ndinati tigula tikayenda maulendo awiri atatu. Mumtima ndinkaona ngati nkhani yatha, popeza boma ndalilipira.

Patatha milungu 5, m'mawa kukuwaza, lole ija ikutsetsereka kulowera ku Linthipe itadzaza kabichi, kutsogolo kunatulukira wanjinga. Mnyamata anaponda mabuleki, kumbuyo kunatsetsereka, lole n'kukagona m'ngalande. Wanjinga sanamukhudze, mwayi wake. Koma pamwamba pa kabichi panali mayi mwini katunduyo, ndipo anathyoka mkono.

Ndinali ndi comprehensive, choncho ndinkadziona wotetezeka. Kampani inatumiza munthu wawo woyeza kuwonongeka kwa galimoto, amene amamutcha asesa. Anazungulira lole kamodzi, osathera nthawi pa chitseko chophwanyika chimene ine ndinkamulozera. Anakagwada pa tayala lomwe lija, natulutsa kachitsulo kakang'ono m'thumba la malaya, n'kukalowetsa m'mizere ya tayala. Mizere yake munalibe. Pena waya ankachita kuoneka. Anajambula, analemba, kenako anandiyang'ana n'kunena mwaulemu kuti, "Madala, matayalawa simunawaone?" Sindinayankhe. Lisiti lija linali likadali kuseri kwa chotchinga dzuwa, pamwamba pa mutu wake.

Kalata itabwera inandilozera ndime imene ndinali ndisanaiwerengepo, yonena kuti mwini galimoto ayenera kuisamala kuti ikhale yoyenera kuyenda pamsewu. Lole ndinakonza ndi ndalama zanga. Za mayi uja anandiuza kuti inshuwalansi yanga inali ya katundu, osati ya anthu okwera pamwamba pa katundu. Ndinapita kuchipatala kukawaona. Amuna awo anandilandira bwino ndithu, koma anandiuza kuti, "Achimwene, pepani sapoletsa chilonda. Mayiwa ndi amene amatidyetsa pakhomo." Ankanena zoona. Ndinalipira zakuchipatala ndi za miyezi imene mayiwo sanathe kupita kumsika, ndipo mpaka lero ndikawaona pa Lizulu akunyamula dengu ndi dzanja limodzi mtima umandipweteka.

Kampani sinandikanize chifukwa choti ndinalipirapo chindapusa. Lisitilo sanalione n'komwe. Anandikaniza chifukwa cha chinthu chimene wapolisi anali atandichenjeza kale, ine n'kulipira ndalama osakonza vutolo.

Kuchokera pamenepo lisiti lililonse likabwera ndimalifunsa funso limodzi: kodi cholakwa chalembedwa apachi chikanapezeka pa tsiku la ngozi, kampani ikanati chiyani? Mukafunsa chomwecho mudzaona kuti malisiti amagawika okha pawiri.

Alipo amene amathera pamsewu pomwepo. Kusamanga lamba, kuimika galimoto pamalo oletsedwa, kusowa chozimitsira moto kapena tizikwangwani tofiira tamakona atatu tija. Lipirani, gulani chimene chikusowacho, mangani lamba. Sindikunena kuti n'zopanda pake, lamba amapulumutsa moyo, koma inshuwalansi yanu sizikuigwedeza.

Ena ndi amene amakutsatani mpaka kunyumba, ndipo pa amenewa ndikhalitsapo. Matayala otha, mabuleki osagwira, magetsi osayaka. Kuno ku Dedza mu June ndi July nkhungu imatsika pa Bembeke moti galimoto ya kutsogolo umaiona utaifika kale, ndiye nyale yakumbuyo yakufa si nkhani yaing'ono ayi. COF yotha ilinso m'gulu lomweli, chifukwa ndi pepala limene limachitira umboni kuti galimoto inayezedwa. Ikatha, mwadzichotsera nokha mboni.

Laisensi ndiye imagwetsa anthu ambiri osadziwa. Mapepala a inshuwalansi amanena kuti woyendetsa akhale ndi chiphaso chovomerezeka cha galimoto ya mtundu umenewo. Laisensi ya B imathera pa galimoto yolemera makilogalamu 3,500 ikadzaza. Lole imene timaitchula kuti ya matani 2, matani 2 amenewo ndi a katundu yekha. Mukaphatikiza ndi kulemera kwa loleyo mumapitirira 3,500, ndiye pamafunika C1. Ndaona anzanga akupatsa kiyi mnyamata wa B chifukwa choti "amayendetsa bwino". Wapolisi akamugwira, amalipira n'kupitiriza ulendo. Ikagwa ngozi, chinthu choyamba chimene kampani imapempha ndi fotokope ya laisensi ya amene anali pa chiwongolero. Onaninso chilolezo chapadera chimene oyendetsa galimoto zonyamula katundu kapena anthu amayenera kukhala nacho, PrDP, chifukwa chimatha pachokha ngakhale laisensi ikadali ndi moyo.

Ndipo pali matola. Pa siteji ya Dedza ndi pa Ntcheu pali ma Sienta ambiri amene pa pepala ndi galimoto zongoyendera banja, koma tsiku lonse akunyamula anthu olipira. Ndikumvetsa chifukwa chake. Namba yofiira ndi inshuwalansi ya galimoto yonyamula anthu ndi zodula, ndipo mafuta sakusekerera munthu. Koma abale anga, chindapusa cha matola chimene mumalipira mwezi ndi mwezicho chikukuuzani kuti inshuwalansi imene ili pa galasiyo si ya ntchito imene mukugwira. Galimoto ya mipando 7 ikagubuduzika ndi anthu 10, ovulalawo adzafuna chipukuta misozi, ndipo kampani itha kukana, kapena kulipira ovulala kenako n'kutembenukira kwa inu kuti mubweze. Anthu agulitsapo nyumba ndi minda pa nkhani zotere.

Liwiro lili pakatikati. Kugwidwa ndi kamera pa Chimbiya kapena pa Kampepuza sikunandikwezerepo mtengo. Koma ganizirani tsiku la msika pa Lizulu, pamene msewu womwewo ndi malire, mbali ino Malawi mbali inayo Mozambique, anthu akuwoloka ndi madengu, akabaza akutulukira paliponse. Mukagunda munthu pamenepo mukuthamanga kuposa chimene chikwangwani chanena, lipoti la apolisi lidzati wolakwa ndinu. Kampani idzalipira, inde, koma chaka chamawa kuchotsera kumene munkalandira chifukwa chosachita ngozi kudzachepa kapena kutheratu. Apo ndiye liwiro lafika m'thumba mwanu, podzera khomo lakumbuyo.

Tsopano zochita. Wapolisi akakuimitsani n'kukuuzani cholakwa, ngati mukuvomereza, lipirani ndipo mutenge lisiti la boma. Musanachoke liwerengeni: deti, namba ya galimoto, ndalama, ndi cholakwa chimene alemba. Ngati simukuvomereza muli ndi ufulu wokana kuti nkhani ikaonedwe kukhothi, ndipo munene zimenezo modekha, osakweza mawu. Za "ya fanta" zija ine ndinasiya, ndipo madalaivala anga ndinawauza kuti ndalama yopanda lisiti sindibweza. China n'chakuti ndi katangale, ndipo wopereka ndi wolandira onse ndi olakwa pamaso pa lamulo. Koma chinanso chimene eni galimoto saganizira ndi ichi: dalaivala akazimitsa nkhani pamsewu, inu kunyumba simudziwa kuti galimoto yanu ili ndi vuto. Lisiti ndi limene limakuuzani zimene dalaivala sangakuuzeni.

Mukafika kunyumba lijambuleni pa foni, chifukwa inki yake imafufutika. Ngati lili la gulu lachiwiri lija, galimoto isadzukenso m'mawa vutolo lisanakonzedwe. Ndikudziwa kuti kugoneka lole tsiku limodzi nyengo ya kachewere kumawawa, oda amapita kwa wina. Ndinayesapo njira inayo ndipo ndakuuzani mmene inathera. Mukakonza sungani lisiti la kwa makaniko kapena la kumene mwagula matayala, muliphatikize ndi la chindapusa lija. Tsiku lina asesa akadzafunsa, mudzakhala ndi chomuonetsa kuti munachenjezedwa pa 3 ndipo pa 4 munakonza. Za COF ndi laisensi, ife a ku Dedza timapita ku ofesi za Road Traffic ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 85, choncho musadikire sabata yomaliza. Ine madeti onse, a COF, a inshuwalansi, a laisensi ndi PrDP ya dalaivala aliyense, ndinawalemba pa kalendala ya pakhoma pafupi ndi pamene ndimapachika makiyi.

Nthawi yogula kapena yowonjezera inshuwalansi ndi pamene ambiri timathamangira. Timatumiza ndalama kwa ejenti, iye n'kutitumizira disiki pa minibasi, basi. Khalani pansi muwerenge fomu. Mafomu ambiri ali ndi funso lofuna kudziwa ngati inu kapena amene aziyendetsa munapezekapo olakwa pa mlandu wa pamsewu, ngati laisensi inalandidwapo, ndiponso ngozi zimene munachitapo. Apa ndi pamene chindapusa chimalowa m'nkhani ya inshuwalansi mwachindunji. Inshuwalansi imayendera kukhulupirirana: inu ndi amene mumadziwa mbiri yanu, ndipo mukabisa chinthu chimene anakufunsani, kampani ikadzachitulukira itha kunena kuti mgwirizano wonse unamangidwa pa bodza. Ngati nkhani yanu inafika kukhothi, monga kuyendetsa mosasamala kapena mutaledzera, ilembeni ndithu, ngakhale mtengo ukwere. Ngati zinali zolipira pamsewu zokha ndipo simukudziwa ngati funsolo likukhudza zimenezo, funsani ejenti ndipo akuyankheni polemba, ngakhale pa WhatsApp, uthengawo muusunge. Safunsa anadya phula. Ndipo musalole ejenti kukudzazirani fomu inu n'kungosaina pansi, chifukwa akachonga "ayi" paliponse, bodzalo likhala lanu.

Pomwepo funsaninso zinthu zimene zimadzaluma pambuyo. Excess ndi zingati, ndiye kuti gawo limene mumalipira nokha pa ngozi iliyonse kampani isanaikepo yake? Kodi imakwera woyendetsa akakhala wachinyamata kapena wa laisensi yatsopano? Makampani ambiri amatero. Ndani akuloledwa kuyendetsa, aliyense wa laisensi kapena okhawo olembedwa maina? Ntchito ya galimoto yalembedwa yotani? Ndipo malire a third party ndi ndalama zingati? Funso lomalizali anthu salidziwa. Third party ili ndi pothera. Khothi likagamula chipukuta misozi choposa malirewo, chotsalacho chimafunidwa kwa mwini galimoto ndi dalaivala wake. Ngati mumayenda pa M1 tsiku ndi tsiku ngati ine, funsani kuti kukweza malirewo kungawonjezere zingati. Mayankho onsewa ali mu pepala la mgwirizano, choncho disiki yokha isakukwanireni, pemphani pepalalo ndi lisiti la kampani.

Kuchotsera kwa osachita ngozi kuja, kumene amati no claim discount, ndi chuma chanu, muzikusamala. Tiyerekeze, mwachitsanzo chabe, kuti comprehensive yanu ndi K600,000 pachaka ndipo chifukwa cha zaka zoyenda bwino amakuchotserani K150,000. Mwakhula geti, bampala yaphwanyika, kukonza ndi K200,000, pamene excess yanu ndi K120,000. Mukapita ku kampani akupatsani K80,000 yokha, chaka chamawa n'kutaya K150,000 ija. Pamenepo kuli bwino kukonza nokha. Ikani manambala anu enieni m'malo mwa angawa muone. Koma izi ndi za ngozi imene yakhudza inu nokha. Pakakhala munthu wina wovulala kapena galimoto ya wina, dziwitsani apolisi, dziwitsaninso kampani m'masiku amene pepala lanu lanena, ndipo musalonjeze kapena kusainirana chilichonse pamsewu kampani isanadziwe. Wovulala amene lero akuti "palibe kanthu, bwana" atha kubwera ndi loya patatha miyezi. Mukamasamukira ku kampani ina, pemphani kalata yosonyeza zaka zimene mwayenda osapempha kulipiridwa, kuti kuchotserako mupite nako.

Kwa amene mumawoloka pa chipata cha Dedza kukagula katundu ku Ulongwe ndi madera ena a Angonia, onani ngati inshuwalansi yanu imagwira kunja kwa Malawi. Yellow Card ya COMESA, inshuwalansi ya third party yowolokera nayo malire imene imathandiza ku Zambia, siigwira ku Mozambique, kumeneko mumagula yawo pachipata.

Kampani ikakukanani, musangokhumudwa n'kubwerera. Pemphani chifukwa chake polemba, ndi ndime imene akuimirapo. Iwerengeni pamodzi ndi lipoti la apolisi. Nthawi zina amalakwitsa, kapena amakokera ndime pamene siikufika. Ngati tayala linali lakutha koma galimoto yanu inagundidwa itaima, muli ndi pofunsira kuti tayalalo lalowapo bwanji. Yambani ndi kudandaula ku kampani komweko polemba kalata, ndipo mukapanda kuthandizidwa pitani kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, amene amayang'anira makampani a inshuwalansi ndi kulandira madandaulo a makasitomala. Ine pa nkhani yanga ija sindinapiteko, chifukwa nditawerenga ndimeyo ndi kuona zithunzi za asesa ndinadziwa kuti analondola.

Mwezi wathawu dalaivala amene ndili naye pano anafika cha m'ma 5 koloko madzulo, n'kuika lisiti patebulo. "Bwana, nyale ya mabuleki ya kumanzere." Kutacha tinali ndi matumba 40 a kachewere oti tikatenge ku Bembeke. Ndinamutuma kwa wamagetsi wa pafupi ndi msika asanatseke, ndipo anapeza kuti si babu, ndi waya amene anadyeka pansi pa bodi. Anamaliza kuli mdima, akuunikira ndi tochi ya pafoni. Ndinaima kumbuyo kwa lole, mnyamata n'kuponda mabuleki katatu, nyale zonse ziwiri zikuyaka, kenako tinakweza matumba opanda kanthu okonzekera m'mawa.